Kinnah Phiri: Wosewera Amene Anasanduka Mphunzitsi

Dzuwa likapendeka ku Nkope, asodzi ali kukonza nyali ndi zilimira zawo, pamchenga pamadzaza anyamata othamangitsa mpira wachikulunga. Ena mwa iwo, kungoona m'mene amaupondera mpirawo, munthu amadziwa kuti luso lilipo. Koma kodi luso lokha lingamfikitse mwana patali? Mbiri ya Bambo Kinnah Phiri, amene anatumikira dziko lino poyamba ndi miyendo, pambuyo pake ndi nzeru, itithandiza kuyankha funso limeneli.

Masiku a wayilesi

Bambo Phiri anabadwa m'chaka cha 1954. Anatchuka akusewera kutsogolo mu timu ya Bata Bullets ya mu mzinda wa Blantyre, imene lero itchedwa FCB Nyasa Big Bullets. Kuyambira 1973 mpaka 1981 anavala malaya a timu ya dziko lino, ndipo pa masewero oposa 110 anamwetsa zigoli 71. Mpaka lero palibe wosewera wina wa Malaŵi amene wafika pa chiwerengero chimenechi.

Masiku amenewo kanema kunalibe m'dziko muno. Anthu a kunyanja, monga a ku Nkope, Malembo ndi Monkey Bay, ankazungulira wayilesi imodzi, makutu ali tcheru. Ambiri sanamuonepo Kinnah ndi maso, koma dzina lake ankalidziwa ngati la mwana wa m'mudzi mwawo.

M'chaka cha 1978 mpikisano wa chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa unachitikira kuno kwathu. Timu yathu, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa ku Mangalande, Bambo Ted Powell, inagonjetsa Zambia ndi zigoli 3 kwa 2 mu ndime yotsiriza, nitenga chikhocho kwa nthawi yoyamba. Chaka chotsatira, 1979, anyamatawo anapita ku Kenya nakagonjetsa eni bwalo ndi zigoli 3 kwa 2, chikho n'kubwereranso kumudzi. Kinnah anali mmodzi wa nsanamira za timu imeneyo.

Kuchoka m'bwalo, kukhala pambali

Mpira ndi ntchito ya unyamata. Miyendo imatopa, ndipo osewera ambiri akafika pamenepo mbiri yawo imathera pompo. Bambo Phiri anakamaliza kusewera ku Swaziland, dziko limene kuyambira 2018 litchedwa Eswatini, mu timu ya Manzini Wanderers. Atavula nsapato sanautaye mpira, koma anayamba ntchito yophunzitsa ena.

Ntchito imeneyi ndi yosiyana ndi kusewera. Wosewera amasamala thupi limodzi, koma mphunzitsi amasamala matupi ambiri. Ayenera kudziwa amene wavulala koma akubisa, amene sanagone, amene mpweya ukumuthera msanga, ndi amene ayenera kupuma ngakhale ochemerera akumufuna.

M'chaka cha 2004 anatsogolera timu yake yakale, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Bakili Bullets, mpaka kufika mu ndime ya magulu ya mpikisano waukulu wa matimu a mu Africa. Panjira inagwetsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Anaphunzitsanso timu ya Free State Stars ya m'dziko lomwelo.

Ulendo wa ku Angola

Mu 2008 anapatsidwa udindo wophunzitsa timu ya dziko lino, ya Flames. M'mwezi wa June chaka chomwecho, pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, Malaŵi inagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa nthawi imeneyo, ndi chigoli chimodzi chimene anamwetsa Chiukepo Msowoya. Mu October 2009 inalepherana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba, chigoli chimodzi kwa chimodzi. Potsiriza timu yathu inapeza malo ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa wa 2010 ku Angola. Panali patapita zaka 26 chipitireko koyamba, mu 1984.

Pa 11 January 2010, mu mzinda wa Luanda, Malaŵi inathambitsa Algeria ndi zigoli 3 kwa duu. Anagoletsa ndi Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Pambuyo pake tinagonja kwa Angola ndi Mali, ndipo mu 2013, zinthu zitavuta, Bambo Phiri anachotsedwa pa udindowo. Ntchito ya uphunzitsi njotero. Komabe chimwemwe cha tsiku la ku Luanda palibe angatilande.

Phunziro kwa ife a kunyanja

Wosewera amathamanga mphindi 90. Kuti atero zaka zambiri, pafunika magazi okwanira, mapapo abwino ndi mafupa olimba, ndipo zimenezi zimamangidwa paubwana. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Tsono mphunzitsi woyamba wa mwana si wa ku Blantyre ayi, koma inu makolo.

Mdani wamkulu wa anyamata athu kuno ndi likodzo. Akatha kusewera amathamangira m'madzi osaya, m'mene mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta matendawa. Tizilomboti timalowa pakhungu, timakulira m'mitsempha ya magazi, ndipo mazira ake amavulaza chikhodzodzo. Ndicho chifukwa chake mwana amakodza magazi. Ena amati chimenechi ndi chizindikiro chakuti mnyamata wakula. Si zoona: amenewo ndi matenda. Amachepetsa magazi, amafooketsa thupi, ndipo akalekereredwa amawononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, alipo. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa mwana, ndipo ayenera kumwedwa mwana atadya. Popeza munthu angatengenso matendawa atachira, musamuletse mwana kumwa mankhwalawa pamene azaumoyo afika pasukulu. Aphunzitseninso ana kukodza m'chimbudzi, osati m'nyanja, pakuti mkodzo wa wodwala ndiwo umabweza mazira kwa nkhono.

Malungo nawonso amatha magazi. Mwana agone mu neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha, mubwere naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa za chakudya, ife a kunyanja tili ndi mwayi. Usipa wodyedwa ndi minga yake umalimbitsa mafupa. Musagulitse nsomba zonse kwa ogula a kutali, ana n'kumadya nsima ndi mchere wokha. Siyaniko mbale ya pakhomo, ndipo muonjezere ndiwo zamasamba, nyemba, mtedza ndi zipatso.

Mwana akavulala pampira, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, nimulimange ndi kansalu koyera. Musathiremo dothi kapena ndowe, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata. Ngati bala ndi lakuya, kapena mwendo watupa ndipo sakutha kuponda, pitani naye kuchipatala msanga.

Si mwana aliyense wa pamchenga paja adzamwetse zigoli 71. Ena adzakhala asodzi, ena alimi, ena aphunzitsi, ndipo onsewo adzafuna thupi lamphamvu. Lero pamene mwabwera kuchipatala, kumbukirani mnyamata wanu uja amatopa msanga pampira. Mufunseni bwino ngati mkodzo wake uli ndi magazi, ndipo ngati ndi choncho, mawa mubwere naye.