Ulendo wa pa Galimoto ku Ireland: Cenjerani ndi Malire Osaoneka

Anthu a kuno ofuna kuona dziko la Ireland akudziyendetsera okha galimoto sacedwa kuzolowera, popeza kumeneko magalimoto amayenda kumanzere monga muno m'Zambia. Ambiri amanyamuka ku Dublin kupita ku Galway, kumene amalowa mumseu wa Wild Atlantic Way, wotalika makilomita pafupifupi 2,500 m'mbali mwa nyanja.

Koma msampha uli kumpoto. Palibe cipata pamalire a dzikoli ndi Northern Ireland, dera la United Kingdom. Mukangodutsa, liwiro limawerengedwa m'mamailosi, ndipo ndalama ndi mapaundi, osati euro. Cacikulu n'cakuti viza ya Ireland siigwira nchito kumeneko. Mzambia amene walowako wopanda viza ya UK waphwanya lamulo, ngakhale kuti palibe anamuimitsa panjira.