Wodwala Misala Asamangidwe ndi Cingwe: Nchito ya a Welofeya kwa Pembamoyo

PEMBAMOYO. M'midzi ya Mfumu Pembamoyo, monganso m'madera ena a m'Cigawo ca Kum'mawa, banja likagwa m'bvuto la matenda a misala limasowa kolowera. Ena amathamangira kwa sing'anga, ena kumapemphero, ndipo zonse zikakanika wodwalayo amatsekeredwa m'nyumba kapena kumangidwa ndi cingwe. Komatu alipo anthu amene nchito yao ndiyo kunyamula nkhani yotere kucokera pakhomo kufika nayo kucipatala, ndi kuilondolabe wodwalayo atabwerera kumudzi. Amenewa ndi maofisala a Dipatimenti ya Social Welfare, amene anthu anawazolowera kuti a Welofeya.

Dziko la Pembamoyo linali m'boma la Chadiza mpaka caka ca 2012, pamene Vubwi inapatulidwa kukhala boma palokha. Maofesi anasendera pafupi, komabe ofisala mmodzi sangadziwe za nyumba iri yonse. N'cifukwa cace Dipatimentiyi imadalira makomiti a m'midzi ochedwa CWAC, amene mamembala ace amasankhidwa ndi eni mudzi ndipo amagwira nchito mothandizana ndi anyakwawa. Iwo ndiwo maso ndi makutu a ofisala.

Nchitoyi iri ndi dongosolo lace. Coyamba, wa komiti akamva za munthu wobvutika amapita kukaona yekha ndi kulemba zimene wapeza. Caciwiri, ofisala amakhala pansi ndi banja kufunsa za ciyambi ca matenda, cakudya ca pakhomo, sukulu ya ana, ndiponso ngati pali mowa, camba kapena nkhanza. Cacitatu, amapangana ndi acibale zoyenera kucita: ndani aperekeze wodwala, ndani asunge mankhwala, ndani asamale ana. Atatero amalemba kalata yotumiza munthuyo kumene kuli cithandizo, kaya ndi kukiliniki, kusukulu kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Buku la nkhaniyo silitsekedwa mpaka ataona kuti banjalo laima palokha.

Ofisala wa Welofeya si dokotala ndipo sapereka mankhwala. Kupima ndi kuciza ndi nchito ya a cipatala. Matenda akakula wodwala amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, kumene kuli cigawo ca odwala misala, ndipo ena amafika ku Chainama Hills Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962. Koma gawo lobvuta limayamba tsiku limene wodwala watulutsidwa. Ambiri akamva bwino amaleka kumwa mankhwala, ena amasowa ndalama ya ulendo wokatenga ena, makamaka m'dzinja pamene miseu yaonongeka. Poti deralo lagundana ndi Malawi ndi Mozambique, winanso amangopita kwa acibale a kutsidya, tsiku lace la kucipatala n'kupitirira. Posacedwa matenda aja amabwerera, ndipo anthu amati mankhwala a Boma sagwira nchito. Apa ndi pamene wa komiti ayenera kufika pa njinga yace, kuona khadi la kucipatala ndi kukumbutsa banja za tsiku lobwererako.

Lamulo nalonso linasintha. Kwa zaka zambiri dziko lino linkatsata lamulo la atsamunda la mu 1949, limene linkachula odwala misala ndi maina onyoza ndi kuika mtima pa kuwatsekera. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene limati wodwala ndi munthu monga wina ali yense, woyenera ulemu ndi cithandizo. Kumanga munthu pa mtengo sikuciza kanthu. Kumangomuonjezera zilonda ndi mantha.

Matenda amabwera ndi umphawi, pakuti amene wadwala salima, ndipo womusamala naye khasu amaligwira mwa apo ndi apo. Conco a Welofeya amaonanso ngati banjalo lingalowe m'ndondomeko ya Social Cash Transfer. Ndondomekoyi inayesedwa koyamba ku Kalomo mu 2003, inafika ku Katete mu 2007 pothandiza okalamba, ndipo pambuyo pace inafalikira m'maboma onse. Nyumba imene muli munthu wolumala kwambiri imalandira zocuruka kuposa zina, koma pafunika umboni wa kucipatala. Banja lobisa wodwala wao limadzimana lokha cithandizo cimeneci.

Amene amabvutika mwakacetecete ndi ana. Mai akadwala, mtsikana wamkuru ndiye amasiya sukulu, ndipo ena amakwatitsidwa msanga kuti pakhomo papezeke cakudya. Lamulo la Children's Code Act la mu 2022 limateteza mwana ali yense, ndipo kuyambira mu December 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa mwambo. Ali yense woona mwana akuzunzika angathe kuimba lamya pa nambala 116, ndipo za nkhanza za m'banja pa 933, popanda kulipira.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ofisala, wa komiti, namwino ndi nyakwawa angagwire mbali zao, koma mbali yaikuru ndi ya acibale. Mukaona mbale wanu wayamba kusowa tulo, kulankhula yekha, kudzipatula kapena kunena zodzipha, musadikire kuti ayambe kuswa zinthu. Uzani wa CWAC wa m'mudzi mwanu kapena pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo. Akabwerako, musungireni mankhwala pamalo abwino, mupatseni nchito imene angathe, ndipo adye nanu m'mbale imodzi.