Kodi Ulemu wa Wodwala Matenda a Ubongo Tingauyeze Bwanji?

Kuchipatala kuli zambiri zimene timatha kuwerenga: mabedi, mapiritsi, anamwino ndiponso masiku amene munthu wagonekedwa. Koma chilipo china chimene sikelo singayeze, ndicho ulemu umene wodwala matenda aakulu a ubongo amaona kuti walandira.

Taganizani za anzathu okhala m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, amene amadalira usodzi ndi ulimi wa m'madimba. Munthu akasokonezeka mutu kumeneko, abale amamunyamula pa bwato kapena pa njinga kupita kuchipatala chaching'ono, kenako ku chipatala chachikulu cha boma lawo. Matenda akakula amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, kutali ndi kwawo. Madzi akasefukira, monga zidachitikira mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, misewu imaduka ndipo ngakhale kukatenga mankhwala kumavuta. Pa ulendo wonsewu ambiri timayankhula za wodwalayo, koma oyankhula naye ndi ochepa.

M'chaka cha 2012 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa ndondomeko yoyendera zipatala yotchedwa QualityRights. Ndondomekoyi imatsamira pa pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene dziko la Malawi lidavomereza mu 2009. Oyendera chipatala sangoona zipupa ndi mabuku okha ayi. Amakhala pansi kucheza ndi odwala, abale awo ndiponso ogwira ntchito, ndipo pagulu la oyenderawo pamayenera kukhala anthu amene adadwalapo matendawa.

Nafenso tikhoza kufunsa mafunso a mtundu womwewo. Kodi amakuitanani dzina lanu, kapena amangoti "wamisala uja"? Kodi adakufotokozerani ntchito ya jakisoni asanakubayeni? Posamba, kodi pali chotchinga? Mudamangidwapo zingwe kapena kutsekeredwa nokha? Kodi amakulolani kupemphera ndi kuonana ndi abale?

Ena amati munthu wotere sangayankhe zomveka. Abale ndi alongo, matendawa ali nayo nthawi imene mutu umakhazikika, ndipo munthu saiwala amene adamuvula pagulu kapena amene adamupatsa moni. Wonyozedwa amadana nacho chipatala, n'kusiya mankhwala, matenda n'kuyambiranso. N'chifukwa chake tikuti ulemu ndi gawo la chithandizo, ndipo mboni yake ndi mwini wake wodwalayo.

Choncho m'bale wathu akabwerako ku Zomba, tisangomufunsa ngati akumwa mankhwala. Timufunsenso mmene adamusamalira kumeneko, ndipo ngati pali dandaulo timuperekeze kukalitula kwa akuluakulu a chipatala. Koposa zonse tilimbe mtima kumufunsa mmene ifeyo tikumusungira pakhomo, pa mphasa yodyera ndi kumzikiti. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.