CIKUKU SICIOPA MPANDA

Lero tikambirane za cikuku, nthenda imene makolo athu anali kuiopa kwambiri.

Ena aganiza kuti cikuku ndi nthenda ya m'makomboni mokha, koma si tero ai. Kacirombo kace kayenda mumpweya pamene wodwala atsokomola kapena kuyetsemula, ndipo kangathe kutsala m'cipinda maora 2 iye atacokamo. Wodwalayo ayamba kupatsira anzace masiku 4 zidzolo zisanaturuke, pamene amace alikuyesa kuti ndi cimfine cabe. Cotero mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angacitenge kusukulu, kuchalichi, kapena m'basi yocokera ku Kulima Tower, monga momwe acitengera mnzace wa ku Kabwata. Mwa ana 10 osalandira katemera amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 adzadwala.

Koma cikuku sicigwira ana onse ndi mphamvu yofanana. Amene ali pangozi koposa ndiwo ana osakwana zaka 5, ana onyentchera cifukwa ca kusowa zakudya, osowa vitamini A, ndi amene ali ndi HIV. Madokotala amene anafufuza ana ogonekedwa ndi cikuku pa University Teaching Hospital anapeza kuti mwa ana okhala ndi HIV imfa zinali zocuruka. Kawirikawiri cimene cipha mwana ndi cibayo kapena kutsegula m'mimba kumene kudza pambuyo pace, ndipo ena acira koma atacita khungu.

Mankhwala akupha kacirombo aka palibe, koma katemera alipo. Anayamba ku America m'caka ca 1963, cifukwa ca nchito ya John Enders ndi anzace. Muno m'Zambia mwana alandira katemera woyamba ali ndi miyezi 9. Asanafike msinkhu uwu, mphamvu imene anatenga kwa amace isokoneza nchito ya katemera. Wina alandira pa miyezi 18, cifukwa mwa ana ena woyambayo sagwira bwino. Katemera waciwiriyu ndiye amene makolo ambiri aiwala, poona kuti mwana wayamba kuyenda ndipo ali wamphamvu.

Tisaiwale caka ca 2010, pamene cikuku cinabuka mu Lusaka ndi kugoneka ana ambiri. Nthenda iyi ibwera pamene ana osatemeredwa acuruka, ndipo kuti ileke kufala, pafunika kuti ana 95 mwa 100 alandire katemera kawiri. Mukatemeretsa mwana wanu mucinjiriza ndi khanda la mnansi wanu limene silinakwane miyezi 9.

Tsono amai ndi abambo, tengani kadi ya kusikelo usiku uno muione. Ngati pa miyezi 18 sanalembepo kanthu, pitani naye mwana ku kiliniki ya ku Kabwata, ya ku Chelstone, kapena ina ya pafupi ndi kwanu. Katemerayu ndi waulere, ndipo ngakhale mwacedwa anamwino adzamlandira mwanayo.

Tsalani bwino nonse.