Nsalu ya Kumutu ndi Khomo la Sukulu

Munthu wotsika sitima pa Nkaya, pamene njanji yochokera ku Limbe imagaŵikana, ina kuloŵera ku Salima, ina ku Liwonde ndi Nayuchi, sachedwa kuona amayi ndi atsikana ofunda nsalu kumutu mpaka m'khosi, nkhope yokha ili poyera. Nsaluyi ndiyo hijabu. Chisilamu n'chakale ndithu m'dera lino, pakuti mafumu a Ayao anayamba kuchilandira m'zaka za m'ma 1870. Koma agogo ambiri ankangomanga duku. Hijabu yafala posachedwapa.

Mu Novembala 2019 atsikana ovala hijabu anabwezedwa pa sukulu ya M'manga, ya mpingo wa Anglican, m'boma la Balaka. Kunabuka ndewu, anthu anavulala, mzikiti ndi tchalitchi zinaonongeka, ndipo sukulu inatsekedwa. Chaka chotsatira mkangano womwewo unafika ku Mpiri m'boma la Machinga, kumene ofesi ya sukulu ya Akatolika inatenthedwa.

Mbali zonse ziŵiri zinali ndi mfundo. A mipingo anati sukulu anamanga ndi iwo, ndipo yunifomu ndi imodzi kwa mwana aliyense. Makolo achisilamu anati aphunzitsi amalipidwa ndi Boma, ndiponso kumudzi sukulu yoti mwana angafikeko pansi nthaŵi zambiri ndi imodzi yokhayo. Amene analuza kwenikweni ndi ana, Akhristu ndi Asilamu omwe, amene anakhala pakhomo osaphunzira. Bungwe la Public Affairs Committee linakhazika pansi atsogoleri a zipembedzo, ndipo mu 2021 anagwirizana kuti mtsikana avale hijabu m'kalasi, malinga ifanane ndi mtundu wa yunifomu.

Chaka chomwecho, mu Ogasiti, gulu la Taliban linalanda boma ku Afghanistan. Kumeneko nkhani ya nsalu inatembenuka. Mtsikana wa ku M'manga ankalimbira kuloŵa m'kalasi ndi nsalu yake. Wa ku Kabul anakakamizidwa kufunda, khomo la kalasi n'kumutsekerabe. Mu Meyi 2022 analamula kuti mkazi abise ndi nkhope yomwe akatuluka panja, ndipo chovala chimene anayamikira ndi burqa, yokuta thupi lonse, yosiya kaukonde pamaso. Atsikana analetsedwa kupitirira kalasi ya 6, ndipo mu Disembala 2022 mayunivesite nawonso anatsekedwa kwa akazi.