Ana a azakhali sawerengedwa pamaliro

Pamaliro a kwathu, abusa asanalalikire, pamaimirira munthu wa kubanja ndi kapepala m'manja kuti awerenge mbiri ya malemu: chaka chobadwa, chaka chobatizidwa, mmene anadwalira, kenako ana ndi zidzukulu zimene wasiya. Pamaliro a azakhali athu, m'mudzi wina kufupi ndi Chimbiya m'boma la Dedza, wowerengayo atafika pamenepa anati malemu sanasiye mwana, n'kupinda kapepala kake. Mwamwambo sanalakwitse. Koma pasiwa paja panali anthu akuluakulu, wina mphunzitsi, wina namwino, wina woyendetsa minibasi, amene anakulira nsima ya mayi ameneyu.

Ukwati wawo sunakhalitse. Zaka zitapita popanda mwana, mwamuna, poti anali mkamwini, anangolongedza n'kubwerera kwawo. Azakhali anatsala pamunda wa amayi awo, ndi mawu obaya a anthu kuchitsime. Anayamba geni ya kachewere ndi tomato, kuwoda kwa alimi, kugulitsa m'mphepete mwa msewu wa M1, kuthamangira basi iliyonse ndi beseni pamutu. Ndalama ankazimanga pamsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, ina ya mpamba ina ya pakhomo, ndipo ya mpamba sinkamasulidwa ngakhale mwana alire bwanji.

Kenako kunabwera matenda aja. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985, koma mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Zaka zapakati apazi ndi zimene zinatha abale a azakhali. Anthu sankatchula dzina la nthendayo, ankangoti kaliwondewonde, kapena kuti wadwala nthawi yaitali. Azakhali ndiwo ankadikirira odwala kuchipatala, kugona pansi pa bedi, kuchapa zofunda zimene ena ankaopa kuzigwira, kuphika phala pamafuwa kuseri kwa wodi. Akabwerako ndi maliro, ankabwerakonso ndi ana.

Ana a mng'ono wawo sizinadabwitse kuti anawatenga, pakuti pa Chichewa amenewo ndi ana awo ndithu, mbumba imodzi, ndipo ankawaitana kuti amayi aakulu. Chimene anthu sanayembekezere n'chakuti anatenganso ife, ana a mlongo wawo, amene mwamwambo tinayenera kuleredwa kuchikazi, kwa atsibweni athu. Palibe amene akanawadzudzula akanatisiya. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panali ukulu wa mayi ameneyu: sanafunse kuti mwanayu ndi wa mbumba ya yani.

Sanali munthu wofatsa ayi, tisanamizane poti anapita. Ukajomba kusukulu unkagona ndi njala, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kudambo. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, anatilembetsa tonse, ngakhale amene anali atakula kale, ngakhale iwo eni sanapitirire makalasi oyambirira. Ku sekondale fizi inalipobe, ndipo inkachokera mubeseni lomwe lija. Pa njala ya 2002, pamene anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kumasinja, ife tinkadya kamodzi patsiku, nsima ya madeya ndi nkhwani, azakhali n'kumati iwo adya kale kumsika. Tinazindikira titakula kuti kumsikako sankadya.

Amayi a Chigwirizano, ovala zoyera, ndiwo ananyamula nkhata ndi kuyimba usiku wonse. Ambiri mwa iwo anali ndi nkhani yawoyawo: wina anabwerekedwa mpamba woyambira geni, wina anabisidwa m'nyumba mwa azakhali sabata yathunthu pothawa nkhanza za mwamuna, wina anaperekezedwa kukayezetsa magazi pamene yekha miyendo inkamukanika.

Maliro atatha, mnzawo wa ponda apa m'pondepo, amene anagulitsa naye limodzi zaka zambiri, anatiitanira pambali ndi kabuku ka banki m'khonde. Azakhali anali atasiya masheya awo mmenemo, ndipo anali atauza kale gulu kuti akadzagawana kumapeto kwa chaka, gawo lawo lisadzapite ku chiliza kapena ku zophika za pamaliro. Lidzalipire mayeso a MSCE a mtsikana womaliza amene ankamulera, amene panthawiyo anali Fomu 4.