Chishalo Chabwino Chimafupikitsa Ulendo

M'midzi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, njinga yakapalasa ndiyo imafikitsa mlangizi wa zaumoyo kwa odwala, ndi mlimi kumsika. Komabe ambiri amafika atasupuka m'ntchafu, ena atatuluka zithupsa, ndipo ulendo wa mawa lake umalephereka. Wakabaza akagona tsiku limodzi, banja lake limagona ndi njala.

Opalasa ambiri amakulunga chishalo ndi nsanza kapena siponji poganiza kuti kufewa ndiwo mankhwala. Zoona zake n'zakuti thupi liyenera kutsamira pa mafupa awiri a m'matako. Chishalo chikafewetsa, mafupawo amamira, minofu ya pakati n'kupanikizika mpaka kuchita dzanzi. Nazonso nsanza zimasunga thukuta.

Kawirikawiri vuto limagona pa kamangidwe ka chishalo. Wopalasa akakhalapo n'kuika chidendene pa chopalasira chimene chili m'munsi, mwendo uyenera kuwongoka. Chishalo chikakwera kwambiri, chiuno chimapendekerapendekera ndipo khungu limakhulika. Chikatsika kwambiri, mawondo amawawa. Chisaweramire kutsogolo kapena kuloza kumwamba. Sipanala imodzi imakonza zonsezi.

Chotsala ndi chisamaliro cha thupi. Kabudula akhale wouma ndi wopanda msoko wokhuthala pakati, ndipo Vaseline amachepetsa kukhulana kwa khungu. Kuimirira pa zopalasira podutsa m'mabampu kumapumitsa thupi, pamene kusamba ndi sopo ulendo ukatha kumateteza ku zilonda. Chithupsa chisafinyidwe. Chikatupa n'kuyamba mafinya, kapena dzanzi likakana kutha, wopalasa aimike njinga ndi kupita kuchipatala.